Ndinati Rayo, Iwo Anamva Radiyo

Mpaka lero munthu akandiitana kuti a Radiyo, m'makutu mumanditentha. Dzinali ndinalitola ku Joni, ndipo linandilondola mpaka kuno ku Nsadzo ngati galu wopanda mwini. Ena amayesa kuti anandipatsa chifukwa cholongolola. Si choncho. Anandipatsa chifukwa tsiku lina ndinanena zoona, liwu limodzi lokha, ndipo amuna atatu a ndevu zawo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Ndisanapite kunja ndinali wokonza njinga. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Njinga za kwathu sizinyamula munthu yekha. Zimanyamula matumba a chimanga, malata, mbuzi, nthawi zina mayi wodwala ndi womudwazika yemwe, m'misewu ya miyala yokhayokha. Choncho ntchito yanga yaikulu inali kuwongola mikombero. Timawaya tija timene timagwira mkombero wa njinga, ife kuno timati marayo, likakhala limodzi timati rayo. Ndi liwu limene Apwitikizi anatisiyira, ndipo ine ndinkayesa kuti dziko lonse limatchula choncho. Ndinkamenya rayo lililonse ndi kasipanala n'kumvetsera. Lokungika bwino limalira kuti ngwii, lokhwefuka limangoti phu.

Ndinachoka chaka chimene mvula inadula chimanga chisanabereke. Mkazi wanga Felizarda anali ndi mwana wachiwiri kumsana. Mtengo uja, pampu ndi masipanala ndinasiyira mng'ono wanga Zakariya, n'kukwera lole yochokera kumalire ku Cassacatiza yopita ku Tete. Za panjira sindikonda kuzikamba. Ndingoti ndinafika ku Joni nsapato imodzi itayasama, ndili ndi keyala ya munthu amene anali atasamuka kalekale.

Amene ananditola ndi a Bauleni. Anandimva ndikufunsa njira m'Chichewa pamalo okwerera basi, iwo n'kutembenuka. Anali bambo wadazi, wamkulu kwa ine, wa ku Katete ku Zambia. Kuchoka kwathu kupita kwawo ndi ulendo wa njinga, malire okha ndiwo ali pakati. Anandilowetsa m'chipinda chawo kuseli kwa nyumba ya munthu m'lokishi, momwe tinkagona anthu asanu, wina akafuna kutembenuka tonse tinkatembenuka. Ndiwonso anandipezera ntchito pa garaja pomwe iwo ankagwira.

Mwini garajayo anali Mbunu wamkulu thupi, wofiira khosi, woyankhula ngati aliyense ndi wogontha. Ntchito yanga inali kusesa, kutsuka magalimoto ndi kunyamula matayala. Sipanala anandiletsa kugwira. Chizungu changa chinali cha moni ndi pepani, ndiye chilichonse chimene ndinkafuna kunena chinkadzera m'kamwa mwa a Bauleni. Iwo ndiwo ankayendetsa makina oyezera matayala, aja amazunguza tayala n'kukuuza pomata kachitsulo kuti lisalemere mbali imodzi. Panalinso makanika wamkulu, mkulu wina wa ku Bulawayo, amene ankayenda ndi cholembera pakhutu ngakhale sindinamuonepo akulemba.

Ndiye kunabwera galimoto ija. Inali yobiriwira, yakalekale, ya mipando iwiri basi, denga lake lansalu. Inali yotsika moti kuti ulowemo unkachita kugwada. Ine nditaiona ndinati chinthu chopanda pake, thumba la chimanga ngakhale limodzi ulibe poliika. Koma anzanga ankaizungulira ngati mkwatibwi, ati yothamangitsira mpikisano. Mwini wake anali mayi wachizungu wokalamba, wamasiye, wowonda ngati bango. Ine ndinkangowatchula kuti a Dona. Galimotoyo inali ya malemu amuna awo, ndipo ankaiyendetsa okha.

Dandaulo lawo linali limodzi. Ikamayenda pang'onopang'ono inali bwinobwino, koma ikafika pa liwiro lina pamsewu waukulu, chiwongolero chinkayamba kunjenjemera mpaka zibangili za pamkono pawo kumalira. Akapitirira liwirolo kunjenjemerako kunkachepa, akabwererapo kunkayambiranso.

Abwana anati ndi zazing'ono, matayala sanayezedwe bwino. A Bauleni anayeza onse anayi, kumata tizitsulo, galimoto n'kupita. Patatha masiku awiri inabweranso. Abwana anati matayala akalamba. Tinaika atsopano, a Bauleni anayezanso. Inabweranso. Mkulu wa ku Bulawayo anachotsa cholembera pakhutu, kukanda nacho m'mutu, n'kusintha mfundo zachitsulo zimene zimalumikiza chiwongolero ndi mawilo. Atatero anasinthanso mbale za mabuleki, chonsecho a Dona anali atanena kawiri konse kuti akaponda buleki sichinjenjemera. Ine ndinkangoyang'ana tsache lili m'manja, zitsulo zabwinobwino zikuponyedwa mumgolo.

Nthawi iliyonse ikamatuluka, woitsuka ndinali ine. Mawilo a galimotoyo sanali ngati a magalimoto a masiku ano. Anali a marayo, ngati a njinga, kungoti onenepa ndi ochuluka. A Dona ankafuna kuti rayo lililonse lizinyezimira, ndiye ndinkawatsuka limodzilimodzi ndi mswachi wakale. Dzanja limene linazolowera silifunsa. Ndinangopezeka kuti ndikumenya marayo ndi chogwirira cha mswachi. Ngwii, ngwii, ngwii. Nditafika pa wilo lakutsogolo lakumanzere, ndinamva phu. Lotsatira, phu. Asanu oyandikana onse anali akufa, ndipo m'mitu mwake munkatuluka kafumbi kofiira ka dzimbiri.

Ndinakhala pansi pomwepo n'kuseka ndekha. Matenda amenewa ndinkawadziwa ngati dzina langa. Njinga ya marayo okhwefuka ukaigadamiza n'kuzunguza wilo, limaoneka lowongoka. Uikwezeko thumba, wilo limayamba kuvina. Makina a a Bauleni ankazunguza wilo m'malere lisanasenze kanthu, ndiye akanaliona bwanji vutolo? Ndisanamalize kupukuta, a Dona anafika, kulowa, ulendo.

Mawa lake anaimba foni kuti palibe chasintha. Ndinapeza abwana, mkulu wa ku Bulawayo ndi a Bauleni ataima pakhomo la ofesi, makapu a tiyi m'manja, nkhope zili gwa. Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, kuvula chipewa, n'kuyandikira.

"A Bauleni, auzeni abwana kuti vuto ndaliona."

"Inu aphwanga? Mwaona chiyani?"

"Ndi rayo. Kutsogolo, kumanzere."

"Mwati chiyani?"

"Rayo," ndinabwereza, ndikuyang'ana abwana kuti amve okha. "Rayo, bwana."

Abwana anakweza nsidze. A Bauleni anandiyang'ana ngati ndamwa kachasu m'mawa, kenaka anatembenukira kwa abwana n'kunena m'Chizungu kuti mnzathuyu akuti vuto ndi radiyo. Wailesi. Mkulu wa ku Bulawayo analavula tiyi. Abwana anaseka mpaka khosi linafiiriratu, anabwera n'kundipotokola khutu ngati akusaka siteshoni. Koma amene anaseka kwambiri anali a Bauleni, munthu amene tinkadyera mbale imodzi. Anachita kutsamira khoma.

"Aphwanga, wailesi ingagwedeze chiwongolero? Kaseseni, musatichititse manyazi."

Galimoto panalibe kuti ndiloze. Ndinavala chipewa changa, kutola tsache, n'kulumbira mumtima kuti pakamwa panga sipadzatulukanso kanthu. Pofika masana aliyense pa garaja ankandiitana kuti Radiyo. Ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pachipata anali atamva kale.

Apa ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa nkhaniyi ndikamaikamba anthu amafuna kuti wolakwa akhale Mbunu yekha. Galimoto ija inabweranso sabata yotsatira, n'kuima pabwalo masiku anayi athunthu. Ndinkaidutsa m'mawa ndi madzulo. Ndikanatha kugwira a Bauleni pamkono, kuwakokera pa wilo lija, n'kuloza ndi chala. Sindinatero. Ndinkasesa mozungulira wilo lomwelo, mtima uli tutumu, ndikuti asekenso tione.

Loweruka abwana anaitana a Bauleni pakati pa bwalo. Sindinamve mawu onse, koma chala chimene ankagwedeza ndinachimva. Ati zonse zasinthidwa, chatsala ndi munthu woyeza matayala, maso ake atha. Ati a Dona akadzaitenga Lachisanu n'kupeza ikunjenjemerabe, a Bauleni atenge jekete lawo azipita. A Bauleni anali ndi ana asanu ku Katete, ndipo pa msinkhu wawo palibe garaja ina ikanawalemba. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma kamtima kena kankati, aone nawonso mmene zimawawira.

Lamulungu masana a Bauleni sanapite kutchalitchi. Anakhala pa njerwa pakhomo la chipinda, akupukuta magalasi awo amene anali oyera kale. Mnzathu wina wogwira ntchito m'dimba la mzungu anabwera ndi njinga yake kuti wilo lakumbuyo likukhula zitsulo za m'mbali. Ndinaigadamiza, kutenga supuni, n'kuyamba kumenya. Ngwii, ngwii, phu.

"Sipoko imeneyo yafa," anatero a Bauleni osakweza n'komwe mutu.

"Chiyani chafa?"

"Sipoko. Imene mwamenyayo."

"Ili ndi rayo."

A Bauleni anasiya kupukuta. Anavala magalasi pang'onopang'ono, kudzuka, kubwera kudzaima pambali panga. Anagwira kawaya kaja ndi zala ziwiri.

"Aka mumati chiyani kwanu?"

"Rayo. Akachuluka, marayo."

"Ndiye tsiku lija paofesi munkanena masipoko a galimoto ya mayi uja?"

"Asanu, kutsogolo kumanzere. Afa onse."

Ndinayesa kuti akondwa. Anandilanda supuni ija n'kuiponya padenga la eni nyumba.

"Masabata awiri, aphwanga. Masabata awiri ine ndikuwonda, inu mukudziwa?"

"Munandiseka, akulu. Inuyo ndiye munaseka kuposa Mbunu."

"Ndinaseka, inde, ndinalakwa. Nanga chala mulibe? Mulungu anakupatsani khumi. Galimoto yakhala pabwalo kuyambira Lachitatu. Mukanangoloza."

"Ndinati mudzasekanso."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma inu si manyazi, ndi mwano. Munafuna kuti ana anga adye mkwiyo wanu?"

Mwini njinga anaitenga wilo likukhulabe, ati abweranso tikamaliza maliro. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti ine ndi a Bauleni tinkayankhula chinenero chimodzi. Miyambi yathu inali imodzi, nyimbo zamaliro zimodzi, ngakhale kutukwana kumodzi. Mwa mawu onse a pansi pano, limodzi lokha limene linali ndi ntchito ndi limene azungu awiri osiyana anatigawira mosiyana, wawo Mngelezi, wathu Mpwitikizi.

Lolemba m'mawa a Bauleni anapita kwa abwana ndi liwu lawo la sipoko. Abwana sanaseke, koma sanakondwenso. Ati mawilo oterowo amakonzedwa ndi akatswiri a kutali, zimatenga masabata, wosesa sangagwire wilo la galimoto ya mtengo wapatali. Mkulu wa ku Bulawayo anavomereza ndi mutu, cholembera chikugwedera. Mwamwayi a Dona anatulukira nthawi yomweyo kudzaona ngati pali chachitika. Anafunsa chimene tinkakangana, a Bauleni anawafotokozera. Mayiwo anatambasula dzanja kuti ndiwapatse sipanala. Ndinati sindiloledwa kugwira sipanala. Anakatenga okha pa tebulo, kugwada pansi ndi diresi lawo loyera, n'kuyamba kumenya marayo khutu atalitchera. Atafika pa asanu aja anabwereza kawiri. Anadzuka, kusasa fumbi m'maondo, n'kundiika sipanala ija m'manja abwana akuona.

Ntchitoyo inanditengera masiku atatu. Tinachotsa tayala ndi chubu, chifukwa ukakunga rayo tayala lili pomwepo, nsonga yake imaboola chubu. Mitu ya marayo inali itagwirana ndi dzimbiri, ndiye ndinaithira mafuta n'kuisiya tsiku lonse. Abwana ankadutsa n'kumafunsa a Bauleni ngati Radiyo wagona. Sipanala yokwana panalibe, ndinachita kupala yaing'ono ndi tupa. Marayo awiri anathyoka nditangowagwira, ndinachotsa ena pa wilo lapadera n'kuikapo. Kenaka ndinabwezera wilo pa galimoto itakwezedwa pa jeki, kumanga kawaya pa njerwa kuti nsonga yake iyandikire mkombero, n'kumazunguza. Pomwe mkombero wakhudza kawaya ndinkalemba ndi choko. Kukunga pang'ono uku, kumasula pang'ono uko, kuzunguzanso. Ukafulumira umawongola pano n'kupinda apo. A Bauleni ndiwo ankandizunguzira wilo, osandiyankhula. Nditamaliza ndinapala nsonga zonse, tinabwezera chubu ndi tayala, iwo n'kukaliyeza pa makina awo. Linangofuna kachitsulo kamodzi kakang'ono.

Lachisanu a Dona anati woyesa naye galimoto ndi ine. Ndinagwada n'kulowa, matako ali pafupi kukhula msewu. Titafika pamsewu waukulu anaponda mafuta, mphepo n'kundilanda chipewa. Singano yoonetsa liwiro inakwera mpaka pa liwiro lija. Ndinayang'ana zibangili zawo, zili chete. Kenaka mayi wokalambayo anachotsa manja onse awiri pa chiwongolero n'kuwakweza m'mwamba. Ndinaitana amayi anga amene anali ku Nsadzo. Chiwongolero chinangokhala phee, galimoto ikuyenda mowongoka. Atagwiranso ndinaona kuti akulira, koma akumwetulira. Pobwerera anandifunsa dzina. Ndinawauza lenileni, analibwereza kawiri molakwika, koma pa garaja yonse ija ndi okhawo amene anayesako.

A Bauleni sanachotsedwe. Abwana sanapepese kwa aliyense. Ndinawamva akuuza kasitomala wina kuti "tinalipeza vutolo," ngati analipo pamene ndinkatsuka ndi mswachi. Koma mbiri inayenda pakati pa azungu a magalimoto akale, ndipo mawilo a marayo anayamba kubwera, ena ochokera kutali. Likafika, abwana ankakuwa kuti Radiyo, ine n'kusiya tsache. Kusesa sanandichotsere. Ndinakhala zaka zambiri choncho, ndikutumiza kwathu kangachepe ndi mabulangete, mpaka malata anakwera panyumba. A Bauleni anakhala sabata yathunthu osandiyankhula. Atayambiranso, nkhani iliyonse inkathera pamodzi. Ndikasowa mchere, "Lozani, aphwanga." Ndikadwala mutu, "Lozani pomwe pakuwawa."

Ndinabwerera msana utayamba kukana. Mtengo wa mango ndinapeza chitsa, ati unkagwetsera masamba pa golosale ya munthu. Pampu Zakariya anagulitsa kalekale, tsopano ali ndi njinga yamoto yonyamula anthu kupita ku Cassacatiza, ndipo amandiyankhula atavala chisoti. Felizarda analowa mpingo wa Pentekoste, munda amaulamula yekha, ndikanena za mbewu amandiyankha kuti zinasintha inu kulibe. Mwana amene ndinamusiya kumsana anandipatsa moni wa alendo. Zonsezi ndinazilandira, walira mvula walira matope.

Chimene sindinachilandire ndi ichi. Dalaivala wina wa malole amene anandionapo ku Joni anadzauza Zakariya kuti akulu ako kumeneko amawatchula kuti Radiyo. Zakariya, posafuna kufunsa, anauza mudzi wonse kuti ndimagwira ntchito ku nyumba youlutsira mawu. Amayi anamwalira akukhulupirira zimenezo, ati ankatsegula wailesi madzulo kuti mwina andimva. Sabata yoyamba nditafika, anthu anabwera ndi mawailesi akufa, ena kuchokera kutali ku Mualadzi, kudzawaunjika pakhonde panga. Ndikati sindidziwa kukonza wailesi, ankati a ku Joni amanyada. Ndinafotokoza za rayo mpaka malovu kuuma. Zakariya atamvetsa anangoti, "Ndiye zaka zonsezi, achimwene, munapita kutali konse kuja kukakunga marayo omwewa?" Ndinamuyang'ana, ndipo ndikuthokoza kuti m'manja ndinalibe sipanala.

Ndinamanga kachisakasa pafupi ndi chitsa chija n'kuyambiranso njinga. A Bauleni anali atabwerera kwawo chaka chimodzi ine ndisanabwere, atagwira ntchito mpaka mwana wawo womaliza kumaliza sukulu. Foni yawo inasiya kulowa, ndipo ndinkaopa kufunsa.

Mwezi wokolola wapitawu, masana dzuwa lili pamutu, ndinaona mkulu wina akukankha njinga kuchokera njira ya kumalire, wilo lakutsogolo likuvina. Dazi lija ndinalidziwira patali. Anakalamba, magalasi anamanga ndi ulusi. Ndinadzuka. Iwo sanapereke moni. Anaimika njinga patsogolo panga, kugwada movutikira, kundiyang'ana m'maso, n'kuloza kawaya kamodzi ndi chala.

"Sipoko," ndinatero ine.

"Rayo," anatero iwo. "Mwaona, aphwanga? Sizinatenge masabata awiri."